Kupuma pa ntchito pa 50, ine ndiye ndikuwerengabe zala

Sabata yatha ku ofesi tinakangana pa nkhomaliro mpaka nsima kuzizira, nkhani yake yoti munthu azipuma pa ntchito ali ndi zaka zingati. Wina akuti akangokwanitsa 50 basi akulemba kalata, wina akuti iwe usandipusitse, ine mpaka adzachite kundikankha pa 60. Ine ndinangoti zii kumadya, koma mumtima ndimaganiza za amalume anga.

Amalume anali aphunzitsi a pulayimale. M'boma munthu amapuma akafika zaka 60, koma ukagwira zaka 20 ukhoza kupempha wekha kuti upume, ndiye iwowo anayamba ntchito ali ndi 24, atafika 47 anati choko chakwana, chifuwa chatopa ndi fumbi. Galatuyiti itatuluka (inachedwa, nsapato zinachita kutha ndi kulondola fayilo) anagula minibasi. Miyezi yoyambirira zinali bho, dalaivala kubweretsa tageti madzulo aliwonse, amalume ali pakhonde kuwerenga ndalama akunyambita chala, ife adzukulu kumangolandira ya fanta. Kenako injini inanoka. Atakonza injini, giyabokosi nayo inati ndilipo. Lero minibasi ija yakhala pa njerwa kuseri kwa nyumba, nkhuku zimaikira mazira pampando wa dalaivala, ndipo amalume anabwereranso pa bolodi pa kasukulu ka pulayiveti, malipiro ake ndimachita manyazi kufunsa. Chomwe sanawerengere bwino n'choti tsiku lomwe amapumalo chitsirizira wawo anali Fomu 1.

Koma sikuti aliyense wopuma msanga amathera pomwepo ayi. Pafupi ndi kwathu pali mayi ena anali anamwino, anapuma ali ndi 53, koma dimba lawo la tomato ndi kabichi analiyamba zaka khumi asanapume, ankapitako Loweruka lililonse atavala magambutsi, mavenda a mumsika amawadziwa kale ndi dzina. Iwowa popuma anangosintha yunifolomu basi. Amalume bizinesi anakaiphunzira ndi ndalama ya galatuyiti, yomwe sibweranso kachiwiri.

Ife a m'makampani nkhani yathu ndi ina. Chiyambire lamulo la penshoni la 2011, pa salale amatidula 5 peresenti, abwana n'kuikapo 10 peresenti, ndipo zaka zochepetsetsa zopumira ndi 50. Lamulo la 2023 linakweza ndalama yotenga pakamodzi kuchoka pa 40 peresenti kufika theka, yotsalayo uzilandira pang'onopang'ono mwezi ndi mwezi. Zikumveka zokoma eti? Koma abale kumbukirani kuti kwacha inagwetsedwa ndi 25 peresenti mu May 2022, kenako 44 peresenti mu November 2023, ndiye ndalama yomwe ukuiona ngati phiri pa 50, pofika 65 mwina izidzangokwana thumba la feteleza ndi mayunitsi a magetsi, komanso nthawi imeneyo ndi yomwe shuga ndi BP zimayamba kugogoda, medikolo sikimu ya kuntchito unaisiya pa geti.

Nanga achibale? Akangomva kuti wapuma amadziwa kuti walandira, maliro aliwonse bokosi ndi lako, fizi ya mwana wa mlongo wako ndi yako, ndipo sunganene kuti ndili bize ku ntchito chifukwa aliyense akukuona uli pakhonde.

Komabe sindinama, mtima wofuna kupuma msanga ndili nawo. Bambo anga anagwira mpaka tsiku lomaliza, anadyerera penshoni zaka zitatu zokha. Ndikaganiza zimenezo, kudikira 60 kumandiopsanso.

Pano ndili ndi 41. Wanga womaliza ali Sitandade 1, kutanthauza kuti akamadzalemba Fomu 4 ine ndili ndi 52, akapita ku koleji tiwonjezerepo zinayi, 56. Ndiye 50 ija kwa ine yagwa yokha popanda mkangano. Kaplot ndinagula kumudzi chaka chatha m'mbali mwa dambo, ndinauza madamu kuti chaka chino tiyesa anyezi, koma mpaka lero ndangopitako kawiri, ulendo wachiwiriwo ndinapeza mbuzi za eni ake zikudya msipu ndipo chikhomo chimodzi cha malire wina anazula.