Mbiri ya Moyo Wanga, Gawo 17: Chaka Chomwe Tinayimba Dido

M'gawo lapitali ndinalekezera pomwe a Sisitere, omwe anali mphunzitsi wamkulu, anandipatsa kwaya ya sukulu kuwonjezera pa ntchito yanga yophunzitsa Chingerezi. Gulu la zisudzo ndinali nalo kale, ndipo chaka ndi chaka tinkakonzekera mpikisano wa ATEM, wa zisudzo za m'Chingerezi pakati pa sukulu za sekondale. Tsono magulu awiriwa sankamwerana madzi. A kwaya ankati azisudzo ndi ana aphokoso, azisudzo nawo ankati a kwaya amadziyesa angelo. Panalinso gulu lachitatu, la magule a makolo, lomwe linkakumbukiridwa pokhapokha kukabwera alendo.

Chomwe chinawakumanitsa ndi katoni ya mabuku akale yomwe ndinaipeza m'kachipinda ka kuseri kwa tchalitchi. Munali buku la manotsi a opera ya Henry Purcell, wopeka nyimbo wa ku England, yotchedwa Dido and Aeneas. Opera ndi sewero lomwe mawu ake onse amachita kuyimbidwa, kuyambira malonje mpaka maliro. Ambirife timaiona ngati ya anthu olemera a ku Ulaya, koma mawu oyamba a bukulo anandiuza zomwe zinandisowetsa tulo: seweroli linaonetsedwa mu 1689 pasukulu ya atsikana ku Chelsea, ku London, ndipo mwini sukuluyo, Josias Priest, anali katswiri wophunzitsa kuvina. Lonse limatenga pafupifupi ola limodzi. Ndiye kuti analichitapo atsikana a msinkhu wa ana anga omwewo, oyimba ndi ovina pamodzi.

Nkhani yake Nahum Tate, yemwe analemba mawu a seweroli, anaitenga mu ndakatulo ya Virgil, mlakatuli wakale wa ku Roma. Dido ndi mfumukazi ya Carthage, mzinda womwe mabwinja ake ali ku Tunisia lero, mu Africa mwathu muno. Aeneas ndi mlendo wothawa nkhondo ku Troy. Awiriwa akondana, koma mfiti yaikazi ndi anzake, podana ndi Dido, atuma mzimu wodzionetsa ngati mthenga wa milungu kuti ukauze Aeneas anyamuke usiku womwewo ulendo wa ku Italy. Iye amvera. Dido afa ndi chisoni.

Nditawafotokozera atsikana m'kalasi, mmodzi wa Fomu 3 anakweza dzanja nati, "Madamu, ameneyutu ndi mtchona basi." Anzake anavomereza onse pakamodzi. Ambiri mwa iwo anali ndi agogo aakazi omwe amuna awo anapita ku Theba osabwerako, ena amayi awo enieni anali kudikira bambo omwe analowera ku Joni nasiya kuyimba foni. Mwamuna wonena kuti akuchoka chifukwa waitanidwa ndi china chachikulu, ndi mkazi wotsala pakhomo, sindinafunike kuwaphunzitsa. Ankazidziwa kuposa ine.

Ntchito yoyamba inali yosandutsa manotsi kukhala sofa, chifukwa ana athu amawerenga do re mi wa pabolodi. Izi zinandidyera madzulo ambiri, nditakhala pamphasa ndi nyali. Mawu a besi ndi tena tinabwereka kwa abambo ndi anyamata a kwaya ya parishi, ndipo mmodzi wa iwo ndiye anakhala Aeneas. Mmalo mwa zoyimbira za zingwe zomwe Purcell analembera, tinali ndi kiyibodi ndi gitala ya besi. Nyimbo tinazisiya m'Chingerezi, koma pakati pa zigawo zitatu za seweroli mtsikana mmodzi ankaimirira n'kufotokoza m'Chichewa zomwe zikubwera, kuti makolo asasochere.

Mutu unandiwawa titafika pophatikiza oyimba ndi ovina. Wovina amamvera ng'oma, ndipo ng'oma ikakoma liwiro limakwera lokha. Woyimba amamvera mpweya wake, ndipo nyimbo za Purcell zili ndi mizere italiitali yofuna kuti munthu akoke mpweya pamalo pake. Pa gawo la amalinyero, pomwe akutsanzikana ndi akazi a kudooko asanakwere zombo, ndinafuna beni, chifukwa gule ameneyu ali kale ndi mayendedwe a anthu ovala yunifolomu, ndipo ana a ku Mangochi omwe tinali nawo ankamudziwa bwino. Koma tikayamba, ovina ankathawa ndi nyimbo, a kwaya n'kumatsalira akupuma wefuwefu. Kenako mawu ankayamba kuponyedwa. "Inu simutha kuwerenga!" "Inu mukuyimba ngati muli pamaliro!"

Amene anatithandiza ndi agogo ena omwe ankalondera pageti, munthu woti unyamata wake wonse anathera pa ng'oma. Anakhala akutionerera pawindo, mpaka tsiku lina anandiitanira pambali. "Mwana wanga, mwawasanjika molakwika anawa. Pabwalo woyimba sakhala kumbuyo kwa wovina. Amaonana maso." Anatenga mbiriwiri yathu naisunthira pafupi ndi kwaya, nati woomba aziyang'ana mapewa a oyimba, akaona akukwera adziwe kuti akukoka mpweya, awadikire. Tinachotsa mizere yowongoka ija ya kwaya n'kuwaimika mozungulira ngati pa chimtali, ovina pakati, oyimba akuomba m'manja. Kuomba m'manjako ndiye kunamanga zonse, chifukwa tsopano liwiro linali m'manja mwa oyimba, ovina n'kumalitenga kwa iwo. Kuyambira tsiku limenelo agogowo ndinkawapatsa mpando pambali panga, ndipo ndisanasinthe kanthu pa gule ndinkayamba ndawafunsa.

Ena angafunse ngati kulowetsa ng'oma mu nyimbo za Purcell sikuwononga. Ine ndimati ayi, ndipo ndili ndi chifukwa. Mawu a seweroli omwe anasindikizidwa nthawi imeneyo amatchula magule angapo omwe nyimbo zake zinatayika, kuphatikizapo a kumapeto kwa chigawo chachiwiri. Aliyense wokonza seweroli, kaya ku London kaya kuti, amayenera kusankha chodzaza m'mipatamo. Ife tinadzazamo zomwe miyendo ya ana athu inkadziwa.

Gawo la afiti linafuna kusamala kwina. Makolo ena atamva kuti pasukulu ya mishoni ana akuphunzira kuseka ngati afiti, anabwera kudzafunsa, ndipo ndinawakhazika pansi kuti aonere tikukonzekera. Atsikana ena anati tivale zigoba zonga za gule wamkulu kuti anthu aope. Ndinakana, agogo aja anakananso mwamphamvu. Gule wamkulu ali ndi eni ake ndi malamulo ake, si chovala choti munthu abwereke kuti aopsezere anthu pasiteji, ndipo kumuika pamalo a afiti kukanakhala chipongwe kwa anthu a m'midzi yotizungulira. Tinangotenga nsalu zakuda ndi phulusa la kukhitchini. Mantha enieni anachokera mu nyimbo momwemo. Purcell analemba kolasi ina yoti mawu azibwerera ngati muli m'phanga, ndiye ndinatulutsa theka la kwaya kunja kwa holo, kuseri kwa mawindo, kuti azibwereza motsitsa zomwe am'kati ayimba. Usiku, magetsi atachepetsedwa, ana a Fomu 1 ankagwirana manja.

Dido anali mtsikana wofatsa, wosayankhulayankhula m'kalasi, koma wa mawu odzaza holo popanda maikolofoni. Pa nyimbo yake yomaliza iye ankafuna kudzigwetsa pansi, manja kumutu, monga timalirira kwathu. Ndinamvetsa, poti ndi momwe chisoni amachidziwira. Koma nyimbo imeneyi yamangidwa pa besi yotsika pang'onopang'ono, ikafika pansi n'kuyambiranso pamwamba, osasintha mpaka kumapeto, ndipo mawu a Dido amayandama pamwamba pake akupempha kuti amukumbukire koma aiwale tsoka lake. Munthu wogubuduka pansi sangaikwanitse. Ndinamuuza kuti, "Mwanawe, ima pamodzi. Gwira dzanja la Belinda, mnzake wa Dido. Kulirako kusiyire besi." Zinamutengera nthawi kukhulupirira kuti anthu amumva chisoni ataima chilili. Ovina nawo anadandaula kuti pa nyimbo yokoma kuposa zonse ndawakhazika pansi. Ndinawalonjeza kolasi yomaliza, yomwe imanena za kumwaza maluwa pamanda, ndipo a Sisitere analola kuti tithyole m'dimba lawo.

Tsiku loonetsa linagwa Loweruka, lomwenso makolo amabwera kudzaona ana. Magetsi anazima masana, tinabwereka jenereta ku parishi n'kuiika kutali kuti phokoso lisalowe m'holo. Anthu anadzaza mpaka m'mawindo. Beni atayamba, nthungululu zinamveka ndipo abambo ena anaimirira kukafupa ovina, moti woyimba kiyibodi anabwereza gawolo kudikira kuti akhale pansi. Aeneas atatembenuka kuti azipita, mayi wina kumbuyo anakuwa, "Pita, wabodza iwe!" Mnyamatayo ananjenjemera koma sanataye mzere wake. Pa nyimbo ya Dido amayi ambiri ankapukuta m'maso ndi nsonga za zitenje, ndipo titamaliza mayi ake a mtsikanayo anabwera kudzandigwira manja onse awiri, nati sankadziwa kuti mwana wawo ali ndi mawu otere.

Lolemba lake ana a magulu atatu aja anabwera limodzi ku ofesi kudzapempha kuti asamapatulidwenso, ndipo a Sisitere anavomera kuti Lachitatu lililonse madzulo holo izikhala yathu. Agogo aja anawonjezeredwa kandalama pa malipiro awo monga mphunzitsi wa ng'oma. Pakati pa anthu oonerera panalinso mphunzitsi wa sukulu ina ya ku Zomba, yemwe patapita milungu ingapo anandilembera kalata yotipempha kuti tikaonetse seweroli kwawo. Za ulendo umenewo, ndi momwe tinapezera ndalama ya lole yonyamula ana ndi ng'oma, ndidzafotokoza m'gawo 18.