Kukasaka galimoto za m'mafilimu ku Beaulieu

Amene munakulira m'mavidiyo sho, pa benchi m'kachipinda kamdima jenereta ikulira kuseri, simunaiwale Land Rover ya mu The Gods Must Be Crazy. Ija yopanda mabuleki, yoti woyendetsa akafika pageti azitsika, kuthamanga kukatsegula, n'kubwereranso liwiro kudzaigwira isanatsetsereke. Ija inadzikoka ndi chingwe chake chomwe mpaka kukalendewera mumtengo. Filimuyo inatuluka mu 1980, anaikonza ndi Jamie Uys wa ku South Africa, ndipo ambirife chimene chinatsala m'mutu ndi N!xau ndi botolo lake la Coca-Cola. Alamu anga ayi. Iwo anagwira umakaniko ku Ndirande zaka zambiri asanasamukire ku Southampton, ndipo filimu saonera anthu. Kutsogolo kuno anthu akumenyana, iwo aimitsa chithunzi n'kumaloza kalole kamene kaima kumbuyo uko: "Alamu, Bedford iyo, taonani mphuno yakeyo."

Matenda amenewa anandipatsira. Ndiye nditapita kukawachezera, tinapangana zokafika ku Beaulieu, mudzi wa m'chigawo cha Hampshire kumene kuli National Motor Museum, malo osungirako galimoto zakale, kuti galimoto zimene timakanganirana pa TV tikazione ndi maso.

Kuchokera ku Southampton ndi pafupi, ola silikwana. Wochokera ku London amakwera sitima pa Waterloo, kutsika pa Brockenhurst, kenako teksi. Msewu umadutsa mu New Forest, kumene mahatchi aang'onoang'ono amangoyendayenda opanda mbusa, kumaima pakati pa msewu ngati mbuzi za pa M1, ndipo wolakwa ukawagunda ndi iwe woyendetsa. Ali ndi eni ake, anthu a m'deralo amene ali ndi ufulu wakalekale wodyetsa ziweto m'nkhalangomo. M'mudzi weniweniwo tinapeza abulu ataima pakhomo la sitolo, opanda wowathamangitsa.

Malowa anayamba mu 1952, pamene Lord Montagu anaika galimoto zakale zisanu m'chipinda cholowera cha nyumba yawo, Palace House, pokumbukira bambo ake amene anali mmodzi mwa anthu oyamba kukonda galimoto ku Britain. Nyumba yosungiramo galimoto imene ilipo panoyi inatsegulidwa mu 1972, ndipo kasitima koyenda pa njanji imodzi m'mwamba kamadutsa m'kati mwake momwe, pamwamba pa mitu ya anthu. Ife sitinakwere. Alamu anali ataona kale Land Rover patali.

Imene ili kumeneko ndi ya 1948, imodzi mwa zoyesera zimene kampani ya Rover inapanga isanayambe kugulitsa. Ndi kagalimoto kakang'ono zedi, mwina mungadabwe. Pakati pa tayala lakutsogolo ndi lakumbuyo pali mainchesi 80 okha, ndipo nyali zake zabisala kuseri kwa waya wotchinga rediyeta. Apa m'pamene alamu anatsegula sukulu. Land Rover yakale, iwo akuti, usayambe kuyang'ana penti kapena denga, chifukwa zimenezo aliyense amasintha. Yang'ana m'mbali. Ngati m'mbali mwake muli mwafulati kuyambira pansi mpaka pawindo, imeneyo ndi Series I, ya pakati pa 1948 ndi 1958. Ngati pansi pa windo pali potukuka ngati phewa, wafika pa Series II, imene inayamba mu 1958. Ukatero yang'ana nyali: zikakhala pakati, moyandikana ndi rediyeta, ndi yakale, cha kumapeto kwa zaka za m'ma 1960 anazisamutsira kunja, pamwamba pa matayala. Kutsogolo kukakhala kwa pulasitiki m'malo mwa waya, ndi Series III, ya kuyambira 1971. Ija ya mufilimu, imene makaniko wa m'nkhanimo ankaitcha Antichrist chifukwa cha kuvuta kwake, m'mbali mwake ndi mwafulati ndipo nyali zili pakati. Series I, nkhani yatha. Kutanthauza kuti pomwe ankajambula inali kale nkhalamba ya zaka zoposa 20.

Chifukwa chimene galimoto zimenezi zimakhalitsa n'chosavuta. Nkhondo yachiwiri itatha chitsulo chinkasowa ku Britain, choncho thupi lake analipanga ndi aluminiyamu, amene sachita dzimbiri. Chimene chimaola ndi chasisi, chachitsulo chija chapansi. Alamu anagwada n'kusuzumira kunsi, mpaka woyang'anira malo anayandikira kudzaona chimene bambowa akufuna. Atadzuka anangoti, "Iyi ikanakhala ku mishoni kwathu bwenzi ikunyamulabe odwala."

Galimoto za pa kanema anaziika pazokha, ndipo kumeneko n'kumene kunali ana ambiri. Aliyense akufuna chithunzi ndi Mini ya Mr Bean, yobiriwira mwachikasu ngati ndimu, boneti yakuda, pachitseko pali loko wa pakhomo. Inenso ndinajambulitsa, ndisaname. Koma nambala yake inali DRW 221T. Aliyense amene anaonera Mr Bean mobwerezabwereza, monga tinkachitira ife, akudziwa kuti ya pa TV ija nambala yake ndi SLW 287R. Imene ili ku Beaulieu ndi ina, yofananitsa, imene anagwiritsa ntchito potsatsa Mr Bean wa makatuni.

Nambala za ku Britain zimaulula zambiri kwa munthu wodziwa kuziwerenga. Kuyambira 1963 mpaka 1983, chilembo chomaliza chinkasonyeza chaka chimene galimoto inalembetsedwa, ndipo kuyambira 1967 chinkasintha pa 1 August paliponse. R ndi ya pakati pa August 1976 ndi July 1977. T ndi ya August 1978 mpaka July 1979. Ndiye mukaona galimoto mufilimu ya ku Britain, nambala ikuwerengeka, theka la ntchito latha. Kungoti a mafilimu amamatanso nambala zabodza, n'chifukwa chake pamafunika umboni wachiwiri. Pa Mini umboniwo ndi mahinjesi: zoyambirira, kuyambira 1959, mahinjesi a zitseko ali kunja ndipo mawindo ndi okankha chammbali, kuyambira 1969 mahinjesi anabisidwa, mawindo n'kukhala opukusa.

Pafupi pomwepo panali kagalimoto ka matayala atatu, kachikasu, ka mu Only Fools and Horses, sewero la pa BBC limene Angerezi amalikonda kwambiri koma kwathu silidziwika. Ife mtundu umenewu timaudziwira kwa Mr Bean yemweyo: kabuluu kaja kamene amangokhalira kukagubuduza. Pafupifupi aliyense, ngakhale eni dziko, amati ndi Reliant Robin. Si Robin ayi, ndi Reliant Regal Supervan. Robin inabwera mu 1973 kudzalowa m'malo mwa Regal, ndipo thupi lake ndi losalala, pomwe Regal ili ndi makona. Zonse ankazipanga ku Tamworth ndi faibagalasi, ndipo zinkagulidwa chifukwa munthu ankatha kuziyendetsa ndi laisensi ya njinga yamoto, msonkho wakenso wotsika. Mayi wina ankauza mwana wake kuti taona Robin. Ndinaona alamu akumeza mawu movutikira.

Chimene ndinachigwira tsiku limenelo n'chakuti funso loti "kodi iyi ndi yeniyeni ija?" nthawi zambiri lilibe yankho limodzi. Galimoto ya mufilimu siikhala imodzi. Ya Chitty Chitty Bang Bang, filimu ya 1968, anapanga zingapo: yoyenda pamsewu, yamapiko, ya pamadzi. Ndiponso ngakhale imaoneka ngati ya makedzana, anaipanga nthawi yojambula yomweyo, m'kati muli injini ya Ford V6. Yakale yeniyeni mufilimu imeneyo ndi Humber ya 1909 imene mayi wa m'nkhanimo ankayendetsa n'kumagwa nayo m'dziwe, ndipo imeneyo ndi ya ku Beaulieu komweko. Anthu amaidutsa osaiyang'ana.

Makalavani ndiwo anandichedwetsa. Pali Eccles ya 1926, yopangidwa ku Birmingham ndi kampani imene inayamba kupanga makalavani okokedwa ndi galimoto mu 1919. Ukasuzumira pawindo umaona kanyumba kathunthu: makabati a matabwa opukutidwa, timakatani, pogona. Palinso kakalavani kakang'ono kamene Caravan Club inapereka mu 1955 kwa Charles ndi Anne, ana a Mfumukazi Elizabeth, ali aang'ono, koti munthu wamkulu sangaimemo. Ndikuyang'ana zimenezi, bambo wina wachikulire amene anakhala pa benchi anatifunsa ngati tili ndi kalavani. Tinaseka. Alamu anamuuza kuti ife timangoadziwira m'mafilimu, ndipo anatchula The Long, Long Trailer. Mkuluyo anasendera, kutipatsa malo. Zinapezeka kuti wakhala akukoka kalavani moyo wake wonse ndipo matenda athu aja nayenso ali nawo.

Filimu imeneyo ndi ya 1954, ya Lucille Ball ndi Desi Arnaz, nkhani ya banja latsopano limene linagula nyumba yamatayala m'malo momanga. Kalavani yake ndi New Moon ya 1953, yotalika mafiti 36, pafupifupi mamita 11, yopangidwa ndi kampani ya Redman ku Alma, Michigan. Yokoka ndi Mercury Monterey ya 1953, yopanda denga. Koma pofika pokwera phiri paja, pamene mkazi wabisa miyala yake m'kalavani, Mercury inachepa mphamvu, injini yake inali ya mahosipawa 125 okha. Ndiye anatenga Lincoln Capri ya mahosipawa 205, kuipenta mofanana, n'kuikokeretsa. Woonera wamba saona kusiyana. Alamu anawomba m'manja kamodzi, chifukwa iwo anali atakayikira kale kuti galimoto imeneyo singakwere ndi katundu wotero.

Povuta kwenikweni, mkuluyo anatero, ndi pa makalavani a ku America onyezimira aja, a aluminiyamu wokhomedwa ndi mariveti. Aliyense akaona yotero amangoti Airstream, pomwe makampani anali angapo. Yang'ana chitseko: chikakhala kutsogolo, pamwamba pa chokokera, ndi Bowlus Road Chief, imene Hawley Bowlus, katswiri wa ndege, anayamba kupanga mu 1934. Wally Byam, amene anayambitsa kampani ya Airstream, atatulutsa Airstream Clipper mu 1936 chitseko anachiika pambali. Mawindo akuluakulu akazungulira kutsogolo konse, ganizira za Spartan, ya ku Tulsa, kampani ya ndege ya J. Paul Getty imene nkhondo itatha inatembenukira ku makalavani. Ikakhaladi Airstream, werenga zidutswa za malata zimene zapanga kumapeto kozungulira kuja: za koyambirira kwa zaka za m'ma 1950 zili ndi 13, ndipo cha m'ma 1958 zinatsika kufika pa 7. Ndinamufunsa ngati munthu angawerengedi zimenezo pa filimu yakale. Anati inde, bola dzuwa liwale bwino pamalatapo, chifukwa mzere uliwonse wa mariveti umaoneka.

Mfundo imeneyi inandigwira mtima kuposa zonse, chifukwa ikusonyeza kumene luso limeneli lagona. Dzina lolembedwa pagalimoto a filimu amatha kulichotsa kapena kumata lina. Penti amasintha, nambala amasintha. Chimene sangalimbane nacho ndi mmene chinthucho anachipangira kufakitale: pomwe pali hinjesi, pomwe pali chitseko, kuchuluka kwa malata. N'chifukwa chake amakaniko ndi okhoma malata amapambana pa masewera amenewa kuposa okonda mafilimu. Pa intaneti pali tsamba la IMCDb pamene anthu amalemba galimoto zooneka m'mafilimu, ndipo ndi lothandiza, koma makalavani ndi ovuta kuposa galimoto, popeza opanga ake anali ambirimbiri, ena ang'onoang'ono amene anatseka kalekale.

Mkuluyo atamva kuti ndife a ku Malawi, anatikumbutsa kuti ma Airstream anafikapo ku Africa. Mu 1959 Wally Byam anatsogolera makalavani 41 kuchokera ku Cape Town, ndipo ulendowo unakathera ku Cairo mu 1960. Alamu anapukusa mutu poganiza za misewu ya nthawi imeneyo, n'kufunsa funso limodzi lokha: maekiselo ankawotcherera kuti?

Nthawi inatithera pa benchi pomwepo. Bluebird, galimoto imene Donald Campbell anathamanga nayo mamailosi 403 pa ola ku Australia mu 1964, tinangoidutsa chothamanga, ndipo mabwinja a nyumba ya amonke imene Mfumu John inakhazikitsa mu 1204 tinawaonera patali popita koimika galimoto. Wopita kumeneko alawirire, tsiku lonse limatha. Alamu akuti abwererako mu September, nthawi ya Autojumble, msika waukulu wa zipangizo za galimoto zakale umene umachitika pabwalo pomwepo chaka ndi chaka. Pali mnzawo ku Blantyre amene Series III yake yakhala pa miyala kudikira giyabokosi.