Sabata yothokoza ophunzira ogwira ntchito, koma otsuka mbale ndiye ayi

Kuno ku America sabata yachiwiri ya April mayunivesite ambiri amaipatula kuti athokoze ophunzira amene amagwira ntchito pa kampasi, amaitchula kuti National Student Employment Week, ndipo nthawi yomweyi ndi imene amalengeza amene wapata mphoto ya Student Employee of the Year, ya wophunzira amene wagwira ntchito bwino koposa m'chakacho. Amene amatsogolera zimenezi ndi bungwe la National Student Employment Association, moti wopambana pa sukulu panu dzina lake limatha kupita patsogolo kukapikisana ndi a masukulu ena mpaka kufika pa dziko lonse. Kwa ambirife sabatayi timaidziwira pizza ndi madonasi aulere basi.

Ndiyambe ndafotokoza za ntchitozi chifukwa anzanga kumudzi amakonda kundifunsa pa WhatsApp kuti aise, kodi unapitira sukulu kapena maganyu? Zonse ziwiri amwene. Ife a viza ya F-1, ya ophunzira ochokera kunja, lamulo limatilola kugwira ntchito ya pa kampasi maola osapitirira 20 pa sabata sukulu ikakhala yotsegula, pa holide yaitali ndiye utha kuwonjezera, koma ukangodumpha malirewo viza yako yalowa m'madzi. Eni dziko ali ndi yawo ya Federal Work-Study yomwe inayamba mu 1964 nthawi ya Pulezidenti Lyndon Johnson, boma limalipira gawo lalikulu la malipiro a wophunzirayo, ndiye madipatimenti amathamangira kulemba iwowo poti thumba lawo silipweteka kwambiri. Ife obwera sitilowamo m'menemo. Ndiye musadabwe kuti pa sukulu pathu ukasuzumira kukhitchini kwa kafiteriya umapeza a ku India, a ku Nepal, a ku Nigeria, a ku Ghana, ndi ine Mmalawi mmodzi yekha.

Ine ndili kotsuka mbale. Mathireyi amabwera pa lamba osaima, iwe upale zotsala, upopere madzi, usanje mbale m'makina, mbali inayo zikutuluka zili juu kuwotcha zala ngakhale wavala magolovesi, magalasi a maso achita nthunzi osaona bwino, pansi ponyowa mpaka amatikakamiza kuvala nsapato zosaterera. Shifiti ikatha usiku asainimenti ya statistics ikukudikira, mawa lake m'mawa uli mkalasi ukuyasamula.

Tsono nkhani ya mphoto ija. Sudzilembetsa wekha ayi, bwana wako ndi amene amalemba kalata yofotokoza chifukwa chake iweyo ukuyenera, ndipo komiti imayang'ana ngati ndiwe wodalirika, ngati ntchito yako ili yolongosoka, ngati umayamba wekha chinthu osadikira kutumidwa, ndi chachilendo chimene wabweretsa pamalopo. Zomveka ndithu. Koma taganizani, pulofesa wa ku labu ali ndi ophunzira awiri atatu, amawadziwa mayina ndi kwawo komwe, ali ndi ofesi ndi kompyuta ndipo kulemba ndiye ntchito yake ya tsiku ndi tsiku. Bwana wathu wa kukhitchini, mayi wabwino kwambiri, ali ndi chigulu cha ophunzira chosinthasintha semesita iliyonse, tsiku lonse ali chiimire akuthamangitsana ndi ndandanda ya mashifiti chifukwa wina wadwala wina ali ndi mayeso, ndiye kalata yamasamba awiri ailemba nthawi yanji? Zotsatira zake zithunzi za opambana zimene ndaonapo pa sukulu pathu ndi za a ku labu, ku laibulale ndi amene amaonetsa alendo kampasi. Sindikuti sanagwire ntchito, agwira ndithu, koma mpikisanowu mbali ina ndi wa mabwana odziwa kulemba.

Pali mnyamata wina wa ku Nepal amene timagwira naye, anaona kuti obwera kumene amavutika kumasula makina aja potsuka usiku, iye anajambula zithunzi pa foni gawo ndi gawo, kuzisindikiza ndi ndalama zake, kuzikutira pulasitiki n'kumata pakhoma. Pano aliyense watsopano amaphunzirira pamenepo. Ngati kumeneku si kuyamba wekha chinthu ndiye kaya.

Anzanga ena amati satifiketi sitidya, angotikwezera malipiro, ndipo sakunama chifukwa malipiro otsikitsitsa a boma la federal akadali $7.25 pa ola kuyambira 2009, ngakhale maboma a zigawo (states) zina za America ndi masukulu ambiri amapereka kuposa apo. Koma ine chimene ndaona n'chakuti phindu lenileni lili mu kalata ija, osati kapepala ka mufuremu. Munthu wamkulu akakhala pansi n'kulemba mwatsatanetsatane zimene umachita, mawu omwewo amadzakhala kalata yokuchitira umboni pofunsira internship kapena masters, pamene enafe pa CV timangolemba mzere umodzi wouma.

N'chifukwa chake ndimasirira dongosolo la Berea College ku Kentucky, sukulu yomwe inakhazikitsidwa mu 1855. Kumeneko ophunzira salipira tuition, koma aliyense amagwira ntchito maola osachepera 10 pa sabata, wina kumunda, wina kuluka nsalu kapena kupanga matsache, wina ku hotela yawo ya Boone Tavern, ndipo ntchito ya aliyense amaiunika n'kuilemba, pomaliza umakhala ndi transcript (chikalata chosonyeza mmene wachitira) ya ntchito pambali pa ya makalasi. Wotsuka ndi wa mu ofesi onse mbiri yawo ili papepala. Ndikaganiza za kwathu komwe munthu amamaliza digiri ndi loni ya boma kenako zotsatsa ntchito zonse n'kumafuna experience ya zaka 2, ndimati pepala ngati limeneli bwenzi likuthandiza ambiri.

Pa sukulu pathu mafomu amatseka mu February, ndiye chaka chino tagwirizana a shifiti yausiku kuti sitidikira. Aliyense alemba mfundo zake za mnyamata uja, tiphatikize ndi zithunzi za pakhoma zija, tikawapatse bwana kuti iwo angolumikiza n'kusayina. Nditawauza anaseka n'kunena kuti tibweretse Lachisanu, bola tisaiwale kutsuka mapoto akuluakulu tisanayambe zolembazo.