Kalata ya khoti yafika, ndilekeni ndithokoze

Lachiwiri lapitali ndinapeza envulopu ya khoti m'bokosi la makalata. Ndinaitsegulira m'galimoto momwemo, yunifomu ya kuntchito ili m'thupi, manja akunjenjemera. Woweruza wa khoti la bankruptcy, loona za anthu olephera kubweza ngongole, kuno ku South Bend, Indiana, ku America, wasayina discharge yanga, chikalata chondimasula ku ngongole. Ngongole za madola 41,000 zimene zinkandisowetsa tulo kwa zaka zitatu zathetsedwa mwalamulo, ndipo palibenso wondiimbira foni kapena wondidula malipiro chifukwa cha izo.

Ambiri a inu simunkadziwa. Ndinkabwera kutchalitchi nditatchena, ndinkasonkha pa maliro ndi pa zinkhoswe, koma kunyumba makalata ndinkangowaunjika m'jumbo pansi pa bedi osawatsegula. Zinayamba ndi opaleshoni imene ndinachitidwa nditangosintha ntchito, inshuwalansi yatsopano isanayambe. Pasanathe miyezi isanu bambo anatisiya ku Dedza. Tikiti, bokosi ndi chakudya cha pasiwa, zonse ndinaziika pa credit card. Kenako kampani ina yolonjeza kukambirana ndi ondikongoza inanditengera ndalama mwezi ndi mwezi kwa chaka chathunthu, mpaka tsiku limene ndinaona pa pepala la malipiro kuti gawo limodzi mwa magawo anayi ladulidwa molamulidwa ndi khoti.

Achemwali anga a ku Memphis, ku Tennessee, ndiyambe ndi inu. Usiku umene ndinakuimbirani ndikulira simunandikalipire. Munangoti, "Iwe, safunsa anadya phula. Mawa upite kwa loya." Nditati ndi manyazi, munandiuza kuti kwanuko zikwangwani za maloya a bankruptcy zili m'misewu ngati za malonda a sopo, ndipo anzanu angapo akuntchito anadutsamo. Ndinayesa mukungonditonthoza. Pambuyo pake ndinadzamva kuti Tennessee, Alabama, Georgia ndi Mississippi akhala pamwamba kwa zaka zambiri pa chiwerengero cha anthu opita kukhoti chifukwa cha ngongole, poyerekeza ndi kuchuluka kwa anthu ake, pomwe Alaska, Vermont ndi Maine amakhala pansi. Indiana wathuyu nayenso ali chakumtunda.

Kwa a loya anga, amene sindikutchulani dzina pano koma mudzaiona nkhaniyi mwana wanga akakumasulirani: zikomo kwambiri. Ndinakupezani kudzera ku ofesi yothandiza anthu opeza zochepa pa nkhani za malamulo. Tsiku loyamba ndinakhuthula jumbo lija patebulo panu, ndipo munatsegula makalatawo imodziimodzi, osakwinya nkhope. Nditakufunsani ngati anthu a kumadera kumene bankruptcy ndi yochuluka ali osasamala ndalama, munandiyankha ndi chitsanzo. Tennessee ndi North Carolina ndi oyandikana, koma ku North Carolina, monganso ku South Carolina, Texas ndi Pennsylvania, wokongoza wamba sangadule malipiro a munthu chifukwa cha ngongole ya credit card, ndipo kumeneko othamangira kukhoti ndi ochepa. Kuno ku Indiana lamulo limalola kudula mpaka 25 peresenti. Ndinatuluka muofesimo nditazindikira kuti malo amene munthu ukukhala amathandiza nawo kukufikitsa pakhomo la khoti, ndipo mutu unayamba kupepuka. M'chaka cha 2024 chokha milandu yotere inaposa 500,000 m'dziko lonse la America, pomwe ine ndinkadziona ngati ndekha.

Munandifotokozera kusiyana kwa Chapter 13, imene munthu amalipira pang'onopang'ono kwa zaka 3 mpaka 5, ndi Chapter 7, imene imathetsa ngongole zambiri popanda kulipira kwa zaka, imene inandiyenera ine chifukwa malipiro anga anali pansi pa mlingo umene lamulo la 2005 linaika. Ndinachita maphunziro a ngongole amene amafunika usanapereke mapepala, ndi ena pambuyo pake. Madola 338 a khoti ndinalipira m'zigawo. Mapepala atangolowa, mafoni anasiya ndipo kudula malipiro kunaima. Munandichotsanso mantha aakulu aja, akuti popeza sindine nzika sindingaloledwe, kapena kuti abwana andichotsa ntchito. Lamulo silifuna unzika pa nkhaniyi, ndipo limaletsa kuchotsa munthu ntchito chifukwa cha bankruptcy. Simunandibisirenso zowawa zake: dzina langa likhala ndi chizindikiro chimenechi pa credit report, mbiri ya ngongole imene okongoza amaiona, kwa zaka 10, ndipo ngongole yanga ya sukulu ikadalipo.

Abale anga a ku Malawi okhala kuno, pali funso limodzi pamapepalawo limene limatikhudza ife kuposa ena. Amafunsa ngati m'zaka ziwiri zapitazo unapatsa munthu mphatso zoposa madola 600. Ine ndinaganiza za ndalama zonse zimene ndinkatumiza kwa amayi, za feteleza, za mankhwala a shuga, za fizi ya mwana wa mlongo wanga, ndipo mtima unandiuza kuti ndibise poopa kuti angakavutitse amayi kumudzi. A loya anakana. Anati ndilembe zonse, chifukwa ndimasayina molumbira. Tinasindikiza malisiti onse a pafoni. Pa msonkhano wa 341, wofunsidwa mafunso molumbira, umene unachitika pa Zoom ndili pakhitchini panga, trustee, munthu woikidwa kuyang'anira mlanduwo, anafunsadi za ndalamazo. Ndinayankha zoona, anayang'ana malisitiwo, n'kupita pa funso lina. Zonse zinatha mphindi khumi zisanakwane.

Amayi a mvano, ndiwo ndi ufa zimene munkasiya pakhomo panga miyezi imene malipiro ankadulidwa sindinaziiwale. Abusa, zikomo pondisungira chinsinsi mpaka lero pamene ndachiulula ndekha. Anzanga awiri a shifiti ya usiku amene munkasinthana nane masiku kuti ndikakumane ndi loya, Mulungu akubwezereni.

Amayi anga, inu ndinakuuzani mochedwa kuposa onse. Munakhala chete pafoni kwa kanthawi, kenako munati, "Mwana wanga, bwenzi utanena kale. Chaka chino tithira manyowa, usatumize kanthu." Munathiradi manyowa. Malipiro a Lachisanu lino abwera athunthu, ndipo matumba awiri a feteleza ndawauza kale achimwene kuti akakutengereni ku boma.