Phukusi la Performance pa Golf GTI: pomwe ndafika pa chisankho changa

Pa nkhani ya galimoto yoyendera kuntchito tsiku ndi tsiku, mtundu wake sulinso funso kwa ine, chifukwa mtima wakhazikika pa Volkswagen Golf GTI ya m'badwo wachisanu ndi chiwiri, yomwe okonda magalimoto amangoitchula kuti Mk7, ndipo ndikufuna yoyendapo kale. Chimene chandidyera nthawi ndi kusankha pakati pa GTI wamba, yomwe imapezeka mosavuta ndiponso imatsikirapo mtengo, ndi GTI yokhala ndi phukusi la Performance, yomwe munthu amayenera kuisaka moleza mtima. Ndawerenga zambiri, ndayendetsa zonse ziwiri, ndipo tsopano ndasankha ya Performance, koma pa chifukwa chosiyana ndi chomwe ogulitsa amathamangira kutchula.

Pamene galimotoyi inkatuluka mu 2013, GTI wamba ya ku Ulaya inali ndi injini ya malita 2.0 yokhala ndi turbo, yotulutsa PS 220 (PS ndi muyeso wa mphamvu ya injini) ndi mphamvu yopotokola ya Nm 350 (Nm ndi muyeso wa mphamvu yozungulitsa matayala). Phukusi la Performance linkawonjezera zinthu zitatu. Injini inkakwezedwa kufika pa PS 230, mphamvu yopotokola osasintha. Madisiki a mabuleki akutsogolo ankakula kuchoka pa mamilimita 312 kufika pa 340, ndipo akumbuyo ankakhala a mamilimita 310 okhala ndi mipata yopitira mphepo. Kenako pankabwera difu yapadera yotchedwa VAQ (difu ndi chipangizo chogawa mphamvu ya injini pakati pa matayala awiri okoka). Mu 2017 galimotoyi itakonzedwanso, GTI wamba inakwera kufika pa PS 230 ndipo ya Performance inafika pa PS 245 ndi Nm 370. Apa pali msampha kwa wogula yoyendapo kale, chifukwa wogulitsa akangolemba kuti PS 230 akhoza kukhala akunena Performance yakale kapena GTI wamba ya pambuyo pa 2017, ndipo magalimoto awiriwo si amodzi ngakhale nambala ikufanana.

Za mphamvu ya injini sindichedwapo. PS 10 pamwamba pa 220 safika ndi magawo 5 pa 100 aliwonse, ndipo kuchoka poima kufika pa liwiro la makilomita 100 pa ola imodzi imatenga masekondi 6.5 pomwe inayo imatenga 6.4. Palibe msana wa munthu umene ungamve kusiyana kumeneko pampando, ndipo ine sindinakumve. Aliyense wolipira phukusili chifukwa cha nambala imeneyi akulipirira chinthu choti azingochitchula pocheza.

Mabuleki ndiwo anafuna kuti ndiganize mofatsa, chifukwa maganizo oyamba a munthu aliyense ndi akuti disiki yaikulu imaimitsa galimoto msanga. Zoona zake ndi zakuti munthu ukaponda buleki mwadzidzidzi kamodzi kokha, chimene chimalamula kutalika kwa mtunda woimira ndi kugwira kwa matayala pa phula, pakuti mabuleki a GTI wamba ali kale ndi mphamvu yokwanira kufikitsa matayala pomwe ABS, dongosolo loletsa matayala kuuma pobuleka, imayamba kulowerera. Ubwino wa disiki yaikulu uli pa kutentha. Buleki imasandutsa liwiro kukhala kutentha, ndipo liwiro likawirikiza kawiri kutentha koyenera kutayidwa kumawirikiza kanayi, choncho chitsulo chochuluka ndi mipata ya mphepo zimathandiza kuti mabuleki asafooke pamene akupondedwa mwamphamvu mobwerezabwereza, monga potsika phiri lalitali galimoto itadzaza kapena pa bwalo la mpikisano. Pa ulendo wa kuntchito, pomwe munthu umangoyenda pang'ono n'kuima pamzere wa magalimoto, mabuleki amenewa sadzafika n'komwe pa kutentha komwe anapangidwira. Chimene ndidzakumana nacho ndithu ndi mtengo wa mapadi ndi madisiki, womwe ndi wokwererapo, komanso kulemera kowonjezereka pa tayala lililonse. Ndimawawerengera ngati chinthu chabwino kukhala nacho, osati chifukwa chogulira.

Chifukwa chenicheni ndi difu, ndipo kuti chimveke ndiyenera kufotokoza vuto lomwe imathetsa. Mu galimoto yokoka ndi matayala akutsogolo, matayala awiri omwewo ndiwo amakhotetsa komanso kukoka. Difu wamba imalola kuti tayala lakunja kwa kona lizungulire mofulumira kuposa lamkati, zomwe ndi zofunika, koma imagawa mphamvu yopotokola mofanana kwa onse awiri, moti malire amaikidwa ndi tayala lomwe likugwira pang'ono. Pokhota, kulemera kwa galimoto kumapita kunja ndipo tayala lamkati limapepukidwa. Ukaponda moto pamenepo, mphamvu imathawira ku tayala lopepukalo monga momwe madzi amatsatira ngalande yotsetsereka, limayamba kuzungulira pachabe, ndipo mphuno ya galimoto imasefukira kunja kwa kona. GTI wamba ili ndi njira yake yochepetsera vutoli yotchedwa XDS+, yomwe imagwira pang'ono buleki ya tayala lamkati kuti mphamvu ikankhidwire kunja. Njirayi imagwira ntchito ndithu, koma imatero powononga gawo la mphamvuyo ndi kutenthetsa mabuleki.

VAQ imachita mosiyana. Ndi kabokosi komangidwa m'mbali mwa giyabokosi, komwe muli mbale zambiri za kilatchi zosambira m'mafuta, ndipo pampu yamagetsi imazipanikiza pamene kompyuta yalamula. Kompyutayo imayang'ana liwiro la tayala lililonse, momwe chiwongolero chakhotera ndi momwe phazi laponderamo moto, kenako imamanga matayala awiriwo pamodzi pa mlingo woyenera, kuyambira posamanga n'komwe mpaka pa Nm 1,600. Chifukwa imawerenga zomwe woyendetsa akuchita, imatha kuyamba kugwira tayala lisanaterereke, ndipo poimika galimoto pamalo opanikiza imamasukiratu n'kukhala ngati difu wamba.

Kusiyanaku ndinakumva bwino pa raundabauti ina yaikulu phula lili lonyowa, ndili m'giya yachiwiri ndiponso pa liwiro lololedwa. Mu GTI wamba, nditaponda moto potuluka, kanyali kachikasu ka pa dashibodi kanayamba kuphethira, injini inachita ngati yagwidwa pakhosi kwa kanthawi, ndipo ndinayenera kubweza phazi pang'ono kuti mphuno ibwerere pamzere. Mu ya Performance, pamalo omwewo ndi kapondedwe komweko, chiwongolero chinalemera pang'ono m'manja, kanyali sikanayake, ndipo galimoto inachita ngati ikudzikokera mkati mwa kona m'malo mothawira kunja. Poyamba zimadabwitsa, chifukwa dzanja linazolowera kuti kuponda moto pakona kumakulitsa njira, pomwe pano kukuichepetsa. Chomwe chinandikopa kwambiri n'chakuti sipafunika liwiro loopsa kuti munthu amve zimenezi. Zimaoneka potuluka pamphambano kulowa mumsewu wodzaza mvula ikugwa, pamene ukufuna galimoto inyamuke nthawi yomweyo popanda kukanda phula, ndipo zoterezi zimachitika pa ulendo wamba kawirikawiri kuposa momwe munthu angaganizire.

Palinso mfundo ina yomwe inamaliza mkangano m'mutu mwanga. Mphamvu ya injini ikhoza kuwonjezedwa pambuyo pake posintha pulogalamu ya kompyuta yake, ngakhale kutero kuli ndi zotsatira zake pa kilatchi ndi pa inshuwalansi. Mabuleki aakulu ndi nkhani yomasula mabawuti n'kumanga ena. Koma kuika difu yomanga pa galimoto yomwe inatuluka popanda, monga ya magiya ya Quaife kapena Wavetrac, kumafuna kutsitsa giyabokosi yonse n'kuitsegula, ntchito yomwe si makaniko aliyense angaigwire bwino ndipo malipiro ake ndi aakulu. Mwa zinthu zitatu za m'phukusili, chomwe chimamveka kwambiri pamsewu wamba ndi chomwechonso chovuta kuchiwonjezera, choncho n'kwanzeru kuchigula chili kale m'galimoto.

Ndisanakhazikike ndinayang'ananso momwe makampani ena amachitira, ndipo ndinaona kuti dzina lakuti Performance silitanthauza chinthu chimodzi. Pa Ford Fiesta ST ya 2018 phukusi lake linkabweretsa difu ya Quaife ndi dongosolo lothandiza kunyamuka mwaliwiro poima, injini n'kukhalabe pa PS 200. Pa Subaru BRZ ya 2017 linali la mabuleki a Brembo ndi mashoki a Sachs, pakuti difu yomanga inalimo kale. Hyundai i30 N ya 2017 inkakwera kuchoka pa PS 250 kufika pa 275, n'kulandira difu yamagetsi, mabuleki aakulu, ekizozi yosintha phokoso, komanso malimu a mainchi 19. Chomalizachi ndicho chinandibweza, ngakhale galimotoyo ndi yosangalatsa kwambiri kuyendetsa, chifukwa kumeneko difu imabwera pamodzi ndi malimu aakulu, pomwe pa GTI ziwirizi ndi zosankha padera.

Kukula kwa malimu anthu ambiri amakutenga ngati nkhani ya maonekedwe chabe, koma pa galimoto ya tsiku ndi tsiku kumasintha moyo kuposa PS 10 aja. GTI imeneyi imavala matayala a 225/45 pa malimu a mainchi 17, a 225/40 pa mainchi 18, ndi a 225/35 pa mainchi 19. Nambala yachiwiriyo imanena kutalika kwa khoma la tayala poyerekeza ndi m'lifupi mwake, choncho khomalo limakhala la mamilimita pafupifupi 101, kenako 90, kenako 79. Mphira umenewu ndi umene umayamba kulandira nkhonya ya dzenje kapena hampu mashoki asanachite chilichonse, ndipo ukachepa nkhonyayo imafika ku limu ndi ku msana wa woyendetsa. Yomwe ndinayendetsa ya mainchi 19 inkaoneka bwino zedi itaima, koma pa phula lokhala ndi zigamba inkagogoda pa msoko uliwonse, ndipo ndinadzipeza ndikuyang'anitsitsa msewu kuzemba timaenje tomwe pa mainchi 18 sindikanatilabadira. Tayala la khoma lalifupi limatupanso msanga m'mbali likamenya dzenje, ndipo kulisintha n'kodula. Ndasankha mainchi 18, ndipo ndikapeza galimoto yabwino yovala 19 ndidzawerengera mtengo wosinthira malimu pokambirana.

Mashoki osinthasintha otchedwa DCC sali m'phukusi la Performance, ngakhale ogulitsa ena amalankhula ngati alimo. Ndi chowonjezera chapadera chomwe chimalola kusankha pakati pa Comfort, Normal ndi Sport, ndipo pa Comfort galimoto imafewadi moti ngakhale malimu aakulu amapiririka. Pa galimoto yatsopano ndikanawasankha mosazengereza. Pa yoyendapo kale ndikukayika, chifukwa shoki iliyonse ili ndi vavu yamagetsi ndipo ikatha imadula kwambiri kuposa shoki wamba. Sindiwasaka, koma sindiwathawanso. Akakhalapo ndidzafuna kuona kuti palibe yomwe ikudontha mafuta ndiponso kuti kusintha pakati pa Comfort ndi Sport kukumveka pamsewu. Za giya ndakhala pa yamanja ya magiya 6, ngakhale ndikuvomereza kuti DSG, giya yodzisintha yokha, ndiyo yopumitsa mwendo pamzere wa magalimoto wa m'mawa.

VAQ ili ndi zofuna zake, ndipo apa ndi pomwe ndaika tcheru posankha galimoto yeniyeniyo. Ili ndi mafuta akeake, osiyana ndi a injini kapena a giyabokosi, omwe amayenera kusinthidwa pa nthawi yake, ndipo n'zosavuta kuti mwini galimoto woyamba asadziwe n'komwe kuti alipo. Mafutawo akada, tizidutswa tochokera pa mbale za kilatchi timatha kusokoneza pampu, ndipo difu imaleka kumanga mwakachetechete galimoto n'kumayendabe ngati GTI wamba. Munthu akhoza kulipira mtengo wa Performance n'kutenga galimoto yomwe chinthu chachikulu cha phukusilo sichikugwira ntchito. Choncho m'buku la sevisi ndikufuna kuonamo mzere wonena za mafuta amenewa, ndipo pakapanda kutero ndidzawasintha ndikangogula.

Kutsimikiza kuti galimoto ilidi ndi phukusili nakonso kumafuna maso. Ya Performance imadziwika ndi zilembo za GTI pa makalipa ofiira akutsogolo (zitsulo zopanikiza mapadi pa disiki ya buleki) komanso chizindikiro chofiira cha GTI kumbuyo, koma zonsezi munthu akhoza kugula n'kumata. Umboni wodalirika ndi kapepala ka makodi a fakitale komwe kamamatidwa m'buti pafupi ndi tayala la sipeya ndiponso m'buku la sevisi, kuyeza disiki yakutsogolo kuti ikwanadi mamilimita 340, kuona kuti yakumbuyo ili ndi mipata ya mphepo, ndi kulowa pansi pa galimoto kukaona kabokosi ka VAQ ndi waya wake.

Pakadali pano ndapeza imodzi ya PS 230 ya chaka cha 2015, ya giya yamanja, yovala mainchi 18 ndiponso yopanda DCC, yomwe mapepala ake akuoneka olongosoka. Mwini wake wavomera kuti ikwezedwe kwa makaniko wodziimira payekha, yemwe adzailumikize ku kompyuta kuti tione ngati pampu ya difu ikuyankha komanso ngati pali zolakwika zosungidwa, ndipo adzayezanso kukhuthala kwa madisiki onse anayi. Matayala ake akutsogolo ndi a mtundu wotchipa ndipo ndi osiyana ndi akumbuyo, choncho ikapambana kuyezedwaku ndalama yoyamba idzapita pa matayala anayi ofanana, chifukwa difu singagawe kugwira komwe mphira sunapereke, ndipo mafuta a mabuleki a DOT 4 adzasinthidwa tsiku lomwelo.