Mmene Ndinatsitsira Mitengo ya Zinthu ndi Pakamwa

M'banja mwathu ndimadziwika kuti ndine munthu womva Chingerezi cha pa wailesi, ndipo ulemu umenewu ndinaupeza mu 2020, khoti litathetsa zotsatira za chisankho cha pulezidenti cha 2019 n'kugamula kuti wopambana azipeza mavoti oposa theka. Anthu ankangoti "fifite pulasi wani" osadziwa kuti waniyo ndani, mpaka ine ndinawamasulira kuti si peresenti imodzi ayi, koma voti imodzi yokha pamwamba pa theka la mavoti onse. Mu Novembala 2023, Reserve Bank of Malawi itatsitsa mphamvu ya kwacha ndi 44 peresenti, dola imodzi n'kuchoka pa makwacha pafupifupi 1,180 kufika pa 1,700, ndine ndinafotokoza kuti feteleza ndi mafuta a galimoto zikwera chifukwa timazigula kunja ndi madola. Zinakweradi, ndipo kuyambira pamenepo ngakhale apongozi anga anayamba kundipatsa mpando wokhala ndi chotsamira.

Kumayambiriro kwa 2024 tinkakonza chinkhoswe cha mwana wa mlongo wanga, ndipo ine monga malume ndinali wapampando wa komiti komanso msungichuma, maudindo awiri amene sayenera kupatsidwa kwa munthu mmodzi wokonda wailesi. Ndalama zitasonkhedwa, amayi anapempha kuti tiguliretu mpunga, shuga ndi mafuta ophikira. Koma madzulo a tsiku lomwelo ndinamva pa nkhani kuti inflation, mawu a Chingerezi okhudza kukwera kwa mitengo ya zinthu, imene inali pamwamba pa 30 peresenti, yatsika. Ndinaitanitsa komiti mwamsanga, ndinavala jekete ngakhale kunkatentha, ndipo ndinalengeza kuti aliyense wogula katundu panopa ndi mdani wa chuma cha banja, pakuti mitengo yayamba kutsika ndipo tikadikira pang'ono ndalama zomwezi zitigulira ndi mbuzi yomwe.

Mkazi wanga anafunsa modekha kuti, "Bambo, kodi wailesiyo yatchula shuga?" Ndinamuyankha kuti nkhani za chuma cha dziko sizitchula shuga ndi dzina. Apongozi anagwedeza mutu, ndipo ine ndinaona ngati akuvomereza.

Chinkhoswe chitayandikira ndinapita kwa wamalonda wina pa tawuni ndi ndalama m'thumba la m'kati. Atanditchulira mitengo ndinaseka, poganiza kuti mwina uthenga sunamufike, ndipo ndinamudziwitsa mwaulemu, pamaso pa anthu onse amene anali pamzere, kuti inflation inatsika kale ndipo iye akuba masana. Munthuyo anandiyang'ana kuyambira ku nsapato mpaka ku jekete, kenako anati, "Madala, ngati wailesi yatsitsa mitengo, kaguleni ku wailesiko." Pamzere panabuka chiseko, ndipo mayi wina anandipempha kuti ndikapita kumeneko ndikamugulireko mchere. Ndinabwerera ndi katundu wochepa kwambiri moti wakabaza anandifunsa ngati wina ndamuiwala m'sitolo.

Amene anandimasula m'maso ndi mwana wina wa mlongo wanga amene ankaphunzira za chuma ku yunivesite, mwana amene ndinamuphunzitsa ndekha kuwerenga. Iye anafotokoza, atakhala pansi ndi kupinda miyendo monga mwa ulemu, kuti National Statistical Office ku Zomba imayang'ana mwezi uliwonse mitengo ya zinthu zimene mabanja amagula, makamaka chakudya, n'kuiyerekeza ndi mitengo ya mwezi womwewo chaka chathachi. Choncho inflation ikachoka pa 35 kufika pa 33 peresenti, chinthu chimene chinali K1,000 chaka chatha chimakhala pa K1,330 m'malo mwa K1,350. "Malume," anatero, "minibasi ikachepetsa liwiro pa hampu si kuti yayamba kubwerera m'mbuyo." Ndinamufunsa chifukwa chake andale pa misonkhano amaomberedwa m'manja akanena kuti atsitsa inflation, ndipo iye anati zimenezo ndikawafunse oomba m'manjawo.

Komiti inakumana usiku womwewo popanda ine kuiitanitsa. Mlamu wanga anapereka maganizo akuti ndalama zoperewerazo zichoke m'thumba mwa amene anatsitsa mitengo, ndipo ine ndinatsutsa ponena kuti nkhani yaikulu ngati imeneyi siingagamulidwe ndi anthu ochepa olankhula mokweza, koma iyenera kupita ku voti ndipo wopambana apeze fifite pulasi wani. Ndinkadalira kuti mavoti agawikana pakati pa ofuna kuti ndilipire ndi ofuna kuti tichepetse oitanidwa, kuti pakhale chibwereza ndipo ndipeze mpata wochita kampeni kukhitchini.

Manja onse anakwera nthawi imodzi. Dzanja la mkazi wanga linali loyamba, ndipo apongozi anakweza awiri. Nditadandaula kuti voti imodzi ya apongozi ndi yowonongeka, iwo anayankha kuti ndiichotse n'kuwerenganso ndekha, popeza masamu a theka ndine ndinawabweretsa pakhomopo. Mbuzi ya pachinkhoswe inapezekadi monga ndinalonjezera, koma inachokera m'khola mwanga.