Kamwana ka mufilimu kandiphunzitsa galamala

Sabata yatha madamu athu a Chifalansa anatipatsa homuweki yoti tikaonere La Guerre des boutons, filimu ya 1962 yomwe anakonza Yves Robert kuchokera m'buku la Louis Pergaud la 1912. Ine nditaona kuti ndi yakale, yopanda kala, ndinati apa ndigonapo basi. Koma ayi ndithu.

Nkhani yake ndi ya anyamata a midzi iwiri, Longeverne ndi Velrans, omwe akaweruka kusukulu amakakumana kutchire kukamenyana. Akagwira mdani amamudula mabatani onse ndi zingwe za nsapato, mwana uja n'kumabwerera kwawo atagwirira kabudula ndi manja, ndiye kunyumbako ndi kumene kumakhala chikwapu chenicheni, amene anadulapo batani la yunifomu akudziwa zomwe ndikunena. Pena gulu la Lebrac, mtsogoleri wa anyamata a ku Longeverne, linaganiza zopita kunkhondoko ali mbulanda kuti adaniwo asowe chodula, ndinaseka mpaka mlongo wanga anabwera kudzasuzumira.

Koma chomwe ndatolapo kwambiri ndi kamwana kaja, Petit Gibus. Zikangomuvuta kamadandaula kuti "Si j'aurais su, j'aurais pas venu", kutanthauza kuti ndikanadziwa sindikanabwera. Ine ndinamva ngati Chifalansa chabwinobwino, mpaka ndinakopera mukope. Lolemba madamu analemba chiganizocho pabolodi n'kutifunsa kuti zolakwika zili pati, kalasi yonse zii. Kumeneko ndi kulankhula kwa mwana, cholondola ndi "Si j'avais su, je ne serais pas venu". Pambuyo pa si wa "ngati" sipabwera conditionnel (mtundu wa mneni wonga aurais uja), komanso mneni venir (kubwera) amayenda ndi mneni wothandizira être osati avoir. Zinthu ziwiri zomwezi ndi zomwe zinandidyera mamalikisi pa tesiti ya mwezi watha, ndipo ndinaziwerenga kangapo m'manotsi osalowa, pano ndikangofuna kulemba si ndimaona nkhope ya Gibus ikulira, dzanja limaima lokha.

Kumva ndiye kukadali kovuta. Anawo amayankhula mothamanga, mawu ena ndi achimidzi oti mudikishonale yanga mulibe, moti popanda masabutaito ndikanangoona zithunzi. Mawa ndibwereza gawo lomaliza lija, pomwe Lebrac amutumiza kusukulu yogonera komweko n'kukapezako l'Aztec, mtsogoleri wa adani ake, ulendo uno ndizimitsa masabutaito ndione kuti ndigwira mawu angati.